Khadi la tarot la munthu wosenza ndodo khumi: limatanthauza chani kwenikweni?

Masiku ano ukamayendayenda pa TikTok kapena pa Facebook usiku sizachilendo kugwera pa kavidiyo ka munthu ali patebulo, kandulo ikuyaka pambali, akusakaniza makhadi a zithunzi, kenako atulutsa limodzi nkunena kuti vidiyoyi ikakupezani nde kuti uthengawu ndi wanu. Limodzi mwa makhadi omwe amagwira anthu mtima ndi lija la bambo wowerama atakumbatira ndodo khumi, dzina lake Ten of Wands. Mukawerenga makomenti mumaona kuti anthu asokonezeka, wina akuti ndi tsoka, wina akuti likulosera matenda kapena kuchotsedwa ntchito, wina akuti zimenezi nzausatana osaziyandikira nkomwe, pomwe wina akungolira kuti zoona ndatopa ine. Apa ndikufuna tione bwinobwino kuti khadili ndi chani, eni ake amaliwerenga bwanji, tanthauzolo linachokera kuti, komanso chifukwa chake limaoneka ngati likunena za inuyo ndendende. Zoti mukhulupirire kapena ayi, zimenezo ndi zanu.

Choyamba, tarot ndi chani

Tarot ndi mpukutu wa makhadi 78. Mwa amenewa 22 ndi akuluakulu, amawatcha Major Arcana, momwe muli makhadi otchuka aja a Imfa, Dzuwa, Mwezi ndi Nsanja. Otsala 56 ndi Minor Arcana ndipo agawidwa m'mabanja anayi: ndodo, zikho, malupanga ndi ndalama zachitsulo. Banja lililonse lili ndi makhadi 14, kuyambira 1 mpaka 10 kenako anayi a kunyumba yachifumu. Nde khadi lathuli ndi nambala 10 m'banja la ndodo, lomaliza pa manambala.

Owerenga makhadi amati banja lililonse lili ndi mbali yake ya moyo. Zikho ndi za chikondi ndi za mumtima, malupanga ndi za maganizo ndi mikangano, ndalama ndi za chuma ndi thupi, pomwe ndodo amazilumikiza ndi moto, kutanthauza ntchito, khama, changu ndi zolinga zomwe munthu akuthamangira. Mfundo imeneyi muisunge chifukwa ndi yomwe ikutsegula nkhani yonse.

Chomwe ambiri sadziwa nchoti tarot inayamba ngati masewera a makhadi basi, kumpoto kwa Italy cha m'ma 1440, m'mizinda ngati Milan, Ferrara ndi Florence, ndipo mpaka pano ku France ndi ku Austria kuli anthu omwe amasewera tarot ngati masewera osalosera kanthu. Zoombeza zinabwera patatha zaka zoposa 300. Mu 1781 mfalansa wina Antoine Court de Gébelin analemba kuti makhadiwa abisa nzeru za ansembe a ku Egypt wakale, umboni analibe, ndipo nthawi imeneyo panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuwerenga zilembo za ku Egypt, zinadzawerengedwa mu 1822 ndi katswiri wina wa ku France, Champollion. Koma nkhaniyo inagwira moto ndipo mfalansa mnzake wodziwika ndi dzina loti Etteilla anayamba kusindikiza mabuku ophunzitsa kuombeza ndi makhadiwa.

Tiyang'ane chithunzicho

Chithunzi chomwe mumachiona m'mavidiyo ambiri chikuchokera mu mpukutu wotchedwa Rider-Waite-Smith womwe unatuluka ku London mu 1909. Pali bambo akuyenda atawerama, ndodo zazitali khumi wazikumbatira kutsogolo ndi manja onse awiri, kumunsi zathinana kumwamba zatambasuka, mutu wake walowa m'kati mwa ndodozo moti nkhope sikuoneka ndipo iyenso sakuona komwe akupita. Patsogolo pake chapatali pali nyumba ndi mitengo, kumwamba kuli mbee kulibe mtambo wamvula. Ndodozo zili ndi timasamba tobiriwira, sizouma.

Aliyense amene anatolako nkhuni akangoona chithunzichi amadziwa kuti bamboyu wanyamula molakwika. Nkhuni umayamba wazisanja, kuzimanga ndi luzi, kupinda nkhata, kenako kuitana mnzako akutwike, mtolo uli pamutu maso ali kutsogolo, ukatopa umatula pamthunzi nkupuma. Uyu sanamange, sanaitane munthu, wangokokolola zonse m'manja, nde imodzi ikangoterereka sangaitole osagwetsa zinazo. Owerenga makhadi ambiri amaima pomwepa, amati vuto si kulemera kokha ayi, vuto ndi kanyamulidwe. Ndipo amaloza zinthu zitatu: palibe amene akumukwapula kumbuyo, kwawo kwayandikira koma sakukuona, komanso katunduyo ndi wamoyo, ndi zinthu zaphindu osati zinyalala.

Tanthauzo lake likagwa choongoka

M'mawu achidule khadili limanena za kulemedwa, kuchulukidwa ndi maudindo, kutopa kwa munthu yemwe wavomera zambiri kuposa zomwe msana wake ungathe. Koma kuti mumvetse kusiyana kwake ndi mavuto wamba muyenera kuona ulendo wonse wa banja la ndodo, chifukwa mu mpukutu wa 1909 uja makhadi khumiwa amayenda ngati nkhani. Pa khadi loyamba dzanja likutuluka mumtambo litagwira ndodo imodzi yophuka masamba, ndi ganizo latsopano limenelo, moto wayaka. Pa lachiwiri munthu wagwira dziko m'manja akukonza mapulani, pa lachitatu akuyang'ana zombo panyanja, pa lachinayi pali chikondwerero, pa lachisanu anyamata akulimbana ndi ndodo, pa lachisanu ndi chimodzi munthu wapambana ali pa kavalo anthu akumuchingamira. Kenako zimayamba kuvuta, pa 7 akudziteteza ali pachitunda, pa 8 ndodo zikuuluka mumlengalenga zinthu zikuthamanga, pa 9 munthu wamanga bandeji kumutu watsamira ndodo akuyang'ana mochenjera. Nde pa 10 ndodo ija inali imodzi yopepuka m'dzanja yasanduka khumi ndipo zonse zili pa munthu mmodzi.

Apa mpomwe ine ndimaona kuti khadili lili ndi mfundo yozama, chifukwa silikunena za munthu waulesi kapena wolephera. Likunena za munthu amene zinthu zinamuyendera. Arthur Edward Waite, yemwe anatsogolera ntchito yopanga mpukutuwu, analemba m'buku lake lofotokoza makhadiwa kuti tanthauzo lalikulu ndi kuponderezedwa, koma anaonjezera kuti khadili limanenanso za mwayi, phindu ndi kupambana, kenako kuponderezedwa ndi zinthu zomwezo. Ndiye kuti chomwe unkapempherera chija ndi chomwe chikukuthyola msana lero.

Taganizirani mwana woyamba kubadwa yemwe anapeza ntchito m'tauni kapena anapita ku Johannesburg kukasaka. Tsiku lomwe anayamba kulandira banja lonse linasangalala, iyenso anasangalala. Pano fizi ya azing'ono ake ili pa iye, renti yake, feteleza wa kumudzi, mankhwala a mayi, maliro akagwa foni yoyamba imalira ndi yake, kutchalitchi anamuika mu komiti chifukwa ndi wodalirika, kuntchito abwana amamupatsa zonse chifukwa sakana, kwinaku ali ndi kabizinesi kapambali komwe anatengera loni. Palibe chimodzi mwa zimenezi chomwe ndi choipa, ndipo mukamufunsa kuti usiye chiti sangayankhe chifukwa chilichonse chili ndi nkhope ya munthu yemwe amamukonda. Wowerenga makhadi akaona Ten of Wands amaganiza za munthu ngati ameneyu. Zimandikhudza chifukwa anthu oterewa ndi omwe timawayamikira kwambiri kuti ndi olimba, nde palibe amawafunsa ngati akugona tulo.

Pa nkhani ya ntchito owerenga amati khadili likuloza kugwira ntchito ya anthu atatu, kulephera kugawira ena, kapena kukwezedwa komwe kwabwera ndi mtolo woposa malipiro. Pa chikondi amati mmodzi ndi amene akukoka banja kapena chibwenzi yekha, kapena awiriwo atanganidwa mpaka chikondi chasanduka ntchito ina. Pa ndalama ndi ngongole ndi anthu ambiri odalira thumba limodzi. Malangizo omwe amapereka nthawi zambiri ndi omwe agogo athu ananena kale kuti mutu umodzi susenza denga: werengani ndodo zanu, onani kuti zanu zenizeni ndi ziti, zomwe munangotola chifukwa choopa kukhumudwitsa munthu ndi ziti, ndipo ndani angakuthandizeni. Ena amatsindika mbali ina, yoti nyumba zija zayandikira, nde limbani pang'ono mwatsala pang'ono kufika. Mukuona kuti malangizo awiriwa akutsutsana eti, wina akuti tulani wina akuti pitirizani, ndipo chomwe wowerenga asankhe chimadalira funso lanu, makhadi oyandikana nalo, ndi mmene iyeyo amaonera zinthu.

Likagwa chadodolido, komanso malo omwe lagwera

Makhadi akamasakanizidwa ena amatembenuka, nde khadi limatha kutuluka mutu uli pansi. Pamenepa owerenga sagwirizana. Ambiri amasiku ano amati ndi chizindikiro choti munthu wayamba kutula katundu, waphunzira kukana, wagawira ena. Ena amati ayi, ndi pomwe munthu wafika pogweratu, ndodo zamwazika osati mwa kufuna kwake. Enanso amati ndi munthu amene akukankhira anzake udindo wake. Waite yemwe uja pa khadi lotembenuka analemba za zopinga, zovuta ndi ziwembu. Ndipo pali owerenga ena omwe sawerengera nkomwe zotembenukazi, amangoliongola nkupitiriza.

Malo nawonso amasintha nkhani. Pa kayalidwe kophweka ka makhadi atatu, loyamba limaimira zakale, lachiwiri zalero, lachitatu zakutsogolo, nde Ten of Wands ikagwa koyamba amati mwachokera mu nyengo yolemetsa, ikagwa kumapeto amati mukapitiriza chonchi mudzalemedwa. Kayalidwe kena kotchuka ndi ka makhadi khumi kotchedwa Celtic Cross.

Ndibwinonso kulisiyanitsa ndi makhadi ena olemetsa chifukwa anthu amawaphatikiza. Nine of Swords, nambala 9 m'banja la malupanga, ndi munthu wadzuka pakati pausiku wagwira kumaso, imeneyo ndi nkhawa ndi kusowa tulo. Ten of Swords ndi munthu wagona chafufumimba malupanga khumi ali kumsana, kutha kwa zinthu mowawa. Five of Pentacles, nambala 5 m'banja la ndalama, ndi anthu awiri osauka akuyenda mu chipale chofewa panja pa windo la tchalitchi, umphawi ndi kusalidwa. Lathuli ndi losiyana, munthuyu akadali chilili, akuyenda, ndipo katundu ndi wake. M'mabuku odziwika a tarot khadili silikhala la imfa kapena la temberero.

Tanthauzoli linachokera kuti

Apa pali zodabwitsa. Mukatenga mpukutu wakale wa ku France wotchedwa Tarot de Marseille nkuyang'ana khadi lomweli simupezamo munthu ayi, muli ndodo khumi zopingasana ndi timasamba basi, ngati mmene khadi la 10 limakhalira pa makhadi wamba osewerera. Munthu wowerama uja anabwera ndi mayi wojambula Pamela Colman Smith, yemwe anajambula makhadi onse 78 a mpukutu wa 1909 ndipo anaika chithunzi cha zochitika pa khadi lililonse la manambala. Akatswiri a mbiri ya makhadi amaona kuti anatengerako ku mpukutu wina wa ku Italy wa cha m'ma 1491 wotchedwa Sola Busca, womwe zithunzi zake zinafika ku British Museum mu 1907, ndipo mmenemo muli munthu wowerama atasenza katundu wofanana, kungoti iye wasenza malupanga khumi osati ndodo. Mayiyu anamwalira mu 1951 ku Cornwall, m'dziko la England, ali wosauka, ndipo kwa zaka zambiri mpukutuwu unkangotchedwa Rider-Waite, dzina la kampani yosindikiza ndi la Waite, lake osatchulidwa, ngakhale zilembo za dzina lake zili pakona pa makhadiwo.

Ganizo la kuponderezedwa linachokera ku gulu lachinsinsi la ku London lotchedwa Hermetic Order of the Golden Dawn lomwe linayamba mu 1888, ndipo Waite ndi Smith onse anali mamembala. Gululi linapatsa khadi lililonse dzina ndi malo ake pa zanyenyezi. Ili analitcha Lord of Oppression, mbuye wa chitsenderezo, nkulilumikiza ndi pulaneti ya Saturn ili mu chizindikiro cha Sagittarius. Kwa okhulupirira zanyenyezi Saturn ndi wa malire, udindo ndi kulemera pomwe Sagittarius ndi moto wofuna ufulu ndi kupita kutali, nde ukaziphatikiza umapeza moto wotsekeredwa. Mpukutu wina wotchuka wa Thoth, wa Aleister Crowley wojambulidwa ndi Frieda Harris, womwe unasindikizidwa mu 1969, unalemba mawu oti Oppression pa khadi penipenipo.

Ndipo tanthauzo lakhala likusintha. Waite analembanso kuti khadili ndi la chinyengo, kudzibisa ndi kusakhulupirika, mpaka anati ngati funso ndi la mlandu wa kukhoti munthu aluza, ndipo anavomera yekha kuti matanthauzo ena a khadili sagwirizana. Lero zimenezo simuzimva kawirikawiri pa TikTok, chatsala ndi kutopa ndi kuchulukidwa, chifukwa chithunzi cha Smith chinaposa mawu a m'buku mphamvu komanso ndi zomwe anthu a nthawi ino akudutsamo.

Nanga bwanji limakhala ngati likunena za ine

Funso limeneli lili ndi mayankho angapo ndipo ndiwaika onse poyera. Okhulupirira tarot ena amati khadi siligwa mwangozi, pali mphamvu ina kapena mizimu yomwe imatsogolera dzanja. Kwa ife izi sizachilendo kwenikweni, zikufanana ndi kuombeza maula komwe zinthu zimaponyedwa woombeza nkumasulira mmene zagwera. Ena omwe amagwiritsa ntchito makhadiwa salosera nkomwe, amati chithunzi chimangothandiza munthu kulankhula zomwe zinali kale mumtima, ukamufunsa kuti ukuona chani apa amayamba kufotokoza moyo wake.

Asayansi amati palibe umboni woti makhadi amadziwa zakutsogolo, ndipo amafotokoza kugwira mtimako mwanjira ina. Mu 1948 katswiri wa zamaganizo wa ku America Bertram Forer anapatsa ophunzira ake mayeso nkuwauza kuti aliyense alandira kufotokoza kwa khalidwe lake payekha. Onse anawapatsa pepala lofanana, la ziganizo zomwe zingakwane aliyense, koma atawafunsa kuti lalondola bwanji pa mulingo wa 0 mpaka 5, avereji inali pafupifupi 4.3. Nde tangoganizani, kuuza munthu wamkulu aliyense lero kuti mwanyamula zambiri ndipo palibe akukuthandizani, ndi angati angakane? Kuonjezera apo vidiyo ija yoti uthengawu ndi wanu ikuonedwa ndi anthu masauzande nthawi imodzi, ndipo mukaionera mpaka kumapeto TikTok imakubweretserani zina zofanana, nde mumayamba kuona ngati khadili likukutsatirani. Masamu akenso ndi osavuta, potola khadi limodzi mwayi woti likhale limeneli ndi 1 pa 78, koma poyala makhadi khumi umakwera kufika pafupifupi kamodzi pa maulendo 8 aliwonse.

Kumbali ya chipembedzo mipingo yambiri yachikhristu imakana zoombeza zamtundu uliwonse potengera Deuteronomo 18:10-12, Katekisimu wa Mpingo wa Katolika pa ndime 2116 amanena momveka kuti njira zonse zoombezera nzoyenera kuzikana, ndipo Chisilamu nachonso chimaletsa kupita kwa olosera. Kwa anthu a chikhulupiriro chotere nkhani yoti khadi lalondola kapena ayi siyofunika, chomwe amakana ndi kukafunsira nzeru kumeneko. Owerenga makhadi ena amayankha kuti iwo sapembedza kanthu, ndi zithunzi chabe zothandiza kuganiza. Mkangano umenewu sunathe ndipo aliyense amaima pomwe chikumbumtima chake chamuika.

Chomwe mbali zonse zingavomerezane

Kutopa komwe khadili likujambula kulipodi, olo munthu asakhulupirire makhadi ngakhale pang'ono. Mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linafotokoza burnout, kutheratu mphamvu chifukwa cha kupanikizika kwa kuntchito kwa nthawi yaitali, ndipo linati si matenda paokha koma ndi vuto lochokera kuntchito lomwe lili ndi zizindikiro zitatu: kumva kuti mphamvu zatha, kuyamba kuipidwa kapena kutalikirana ndi ntchito yako mumtima, ndi kuona kuti sukuchitanso bwino ngati kale. Nde munthu akalira ataona bambo wa ndodo khumi uja, misoziyo ndi yeniyeni ndipo sibwino kumuseka.

Pali zinthu ziwiri zoti musamale nazo. Choyamba, pa intaneti pali anthu omwe mukangokomenta pa vidiyo yotere amakulowerani ku inbox nkunena kuti aona mdima pa inu, tumizani ndalama akuchotsereni. Monga taonera, ngakhale m'mabuku a eni ake a tarot khadili si temberero, nde wokuuzani zimenezo akungofuna ndalama zanu pa nthawi yomwe mwafooka. Chachiwiri, khadi silingakuyezeni BP kapena shuga, ndipo silingasiyanitse kutopa wamba ndi matenda a maganizo. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa simukugona, chakudya sichikulowa, zomwe munkakonda sizikukusangalatsaninso, mutu ukungowawa kapena mtima ukugunda mwachilendo, pitani kuchipatala mukaonane ndi adokotala, ndipo ngati maganizo ofuna kudzivulaza ayamba kubwera musadikire masabata awiriwo, uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe ndipo akuperekezeni.